Mtengo wa a Belachew Unagwera Kumadzulo

A Belachew akhala akuunjika nkhuni za moto wa chikondwerero cha Mesikeli, chokumbukira kupezeka kwa Mtanda wa Ambuye, pabwalo la tchalitchi chathu kwa zaka makumi atatu. Ndi bambo wamfupi, wodandaula za msana kuyambira tsiku limene ndinawadziwa. Amaweta njuchi, koma za uchi wawo ndisanene, ndingachimwe.

Mudzi wonse umayang'ana mtengo woimikidwa pakati pa muluwo. Ukapsa n'kugwera kum'mawa, chaka chikhala chabwino. Ukagwera kumadzulo, konzekerani njala. M'manja mwa a Belachew unkagwera kum'mawa chaka ndi chaka, chifukwa dzenje lake ankakumba okha m'bandakucha, mopendekeka pang'ono. Iwo ankayesa kuti palibe akudziwa.

Chaka chino msana unakaniratu. Mbewu yathu ya tefu inali itapserera zaka ziwiri zotsatizana, achinyamata atathera kumzinda waukulu wa Addis, ndipo wansembe anapereka ntchitoyo kwa Getahun, kalipentala woyeza ndi chingwe ngakhale kampando ka agogo ake.

"Mwana wanga, upendeketse pang'ono," anamunong'oneza a Belachew, atatsamira ndodo.

"Bambo, ine zokhota sindipanga. Mukufuna anthu azinena kuti Getahun saona?"

"Anthuwa atopa. Ukagwera kolakwika, chaka chamawa udzaotha wekha pano."

Getahun anauimika njo.

Madzulo tinafika ndi miuni yathu, ochepa, ambiri a ife tikukhosomola. Wansembe anadalitsa mulu, nyimbo inayamba mokoka monga mwa nthawi zonse, moto unakwera. A Belachew anaima patali ngati munthu wodikira mlandu. Mtengo unagwedezeka, unaganiza kaye, kenaka khu! kumadzulo.

Amene anayamba kuseka ndi mayi Yeshi, aja ofulula mowa kuseri kwa tchalitchi.

"Ha! Lero ndiye wagwa wokha, osathandizidwa."

"Mukutanthauzanji, mayi?" anafunsa a Belachew.

"Inu akulu, ife timalawirira kumadzi. Takhala tikukuonani ndi kakhasu kanu kuyambira ndili ndi mano onse. Unagwera kum'mawa, dzombe linabwera. Unagwera kum'mawa, amuna anga anamwalira. Mumayesa timadzera mtengo?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Tikananena, nkhuni akanatola ndani?"

Palibe amene anapita kwawo. Amayi anatulutsa balere wokazinga, wina anateleka khofi pamakala, ena anayamba kale kudzilemba mtanda waphulusa pamphumi. Tinakambirana za mvula, za ana osaimba foni, za ng'ombe ya wansembe imene ikudya m'minda ya eni ake popanda woinena.

A Belachew anazungulirazungulira kusowa pokhala, pakuti zaka zonsezi motowo ankauonera chiimire. Mayi Yeshi anasendera, nawakoka nsalu imene anafunda.

"Khalani pansi. Chaka n'choipa, tamva. Tambasulani miyendo."

Anakhala, mawondo akulira, nafunsa ngati m'khofimo athiramo mchere monga timamwera kwathu kuno.