Buleki Imene Anaimasula Yekha

Tsiku limene mchemwali wake anatuluka m'chipatala, Kamphepo anakankhira njinga yake yamoto kuseri kwa nyumba n'kuifunditsa lona. Makiyi anawaponya m'kabati ya mbale. Analumbira kuti sadzakweranso.

Inu amene munalakwitsapo chinthu mpaka kumadzida nokha, khalani pansi mumve za munthu ameneyu.

Dzina lakuti Kamphepo anamupatsa ndi anzake a kabaza chifukwa cha liwiro, ndipo iye ankalinyadira zedi. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anamulera ndi mchemwali wakeyo, telala wa pakhonde, amene anamudyetsa ndi kumuveka popalasa makina osokera ndi mwendo wakumanja. Mwendo umene unathyoka pangozi ya njingayo ndi womwewo.

Vuto linayambira pa siteji ya kabaza. Kumeneko aliyense ankakhulupirira kuti buleki yakutsogolo ndi mfiti, ukaigwira imakuponya pamwamba pa mahendulo. Munthu akangopeza njinga ankatenga sipanala n'kumasula waya wake, kuti dzanja likaiwala n'kufinya, buleki isagwire. Kamphepo naye anamasula yake, anzake akumuchemerera kuti tsopano wakula.

M'mawa wina anatenga mchemwali wake kukagula nsalu. Minibasi imene ankaitsatira pafupi kwambiri inaima mwadzidzidzi. Iye anaponda buleki yakumbuyo ndi mphamvu zonse, tayala linauma, njinga inayamba kuseleleka. Dzanja linafinya yakutsogolo, koma munalibe kanthu. Maso ake anangoti tong'o pa minibasiyo mpaka anaiwomba. Kamphepo anangosupuka chigongono. Mchemwali wake anathyoka pamwamba pa bondo.

Atachotsa chikhakha, bondo linali litauma ngati mtengo. Adokotala sanabise mawu. Anati mchemwaliyo azibwera ku mafizo, kudzawongoletsa bondolo, katatu pa sabata, apo ayi pakangotha miyezi yochepa bondolo silidzapindikanso. Koma kumene ankakhala galimoto sinkafika, ndipo kuchipatala kunali kutali. Chokwera chinali chimodzi basi, njinga yamoto.

Sabata inatha osapita. Kamphepo ankaphika, kuchapa, kusesa, chilichonse kupatula kuyang'ana kuseri kwa nyumba. Masana ena akusisita mwendo uja ndi mafuta, misozi inangoyamba yokha.

"Achemwali, sinali ngozi wamba. Buleki yakutsogolo ndinaimasula ndekha. Anzanga onse anamasulanso, n'chifukwa chake sindikufuna akutengeni."

Mchemwali wake anamugwira pamutu monga ankachitira ali mwana.

"Ndiye ukufuna ndikumenye theche ndi mwendo uti? Poti unamasula wekha, pita ukamangenso. Ine bondo langa ndikulifuna, ndipo wondinyamula ndiwe."

Mawa lake anavundukula lona. Sanakwere ayi. Anaikankha wapansi mpaka ku galaja ya amakaniko ena achikulire, amene kale ankayendetsa njinga za kampani yonyamula makalata. Mdalayo anagwira waya uja, napukusa mutu.

"Ana inu mudzatimaliza. Mphamvu zambiri zoimitsira njinga zili kutsogoloku, iwe n'kuchotsa. Ndimanga, koma sindikupatsa mpaka uphunzire kuigwira."

Anapita naye pabwalo laphula losagwiritsidwa ntchito, kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu. Anaika katoni yopanda kanthu pakati, namuuza kuti abwere pang'onopang'ono, aime asanaigunde. Kamphepo anakhala pampando n'kunyamuka. Atayandikira katoniyo anatswinya buleki kamodzin'kamodzi, tayala lakutsogolo linauma, iye pansi khu. Anadzuka akupukuta fumbi.

"Mwaona madala? Anzanga ankanena zoona."

"Sinakugwetse ndi buleki, wadzigwetsa ndi kuphwanyirira kwakoko. Siya moto kaye. Gwira mofatsa kuti kulemera kupite kutsogolo, kenako uzifinya mowonjezera, ngati ukufinya chovala chonyowa. Phazi nalo liziponda, koma mwaulemu. Ukamva tayala lakutsogolo lauma, masula pang'ono n'kugwiranso. Bwerera."

Anabwereradi. Anabwereza mpaka zala zinatupa. Mdalayo ankangokhala pa tayala lakutha n'kumakuwa kuti mawondo apane thanki, mikono isaume, njinga ikhale chilili. Chimene chinamuvuta kwambiri chinali maso. Nthawi zonse ankayang'ana katoni, ndipo nthawi zonse ankathera pa katoni pomwepo.

"Njinga imapita kumene ukuyang'ana," anatero amakaniko. "Yang'ana pamene pali mpata. Ndipo usasakanize zinthu. Ngati ukuima, ima. Ngati ukuzemba, siya buleki, zemba, ukawongoka ndiye ugwire."

Tsiku lachisanu anamangirira thumba la mchenga kumbuyo, chifukwa njinga yonyamula munthu imatenga mtunda wautali kuti iime. Mchemwali wake atamva kuti thumbalo alitcha dzina lakuti Achemwali, anafunsa kulemera kwake. Atamuuza, anakwiya mwanthabwala tsiku lonse, akuti amuwonjezera makilo khumi. Kunali kuseka koyamba m'nyumbamo chichitikireni ngozi.

Koma Kamphepo sankaseka kwenikweni. Ankadziwa kuti tsiku lililonse limene iye ali pabwalo, bondo lija likuumirabe. Ankafuna kufulumira, komanso ankaopa kufulumira. Patatha masiku khumi anaima kakhumi motsatizana osakhudza katoni, thumba lili kumbuyo. Amakaniko anangonyamula katoni yawo n'kunena kuti, "Pita ukatenge mlongo wako."

Kukweza munthu wa mwendo wouma si masewera. Anamuveka chisoti, anamanga ndodo yake m'mbali, namunyamula ngati mwana n'kumukhazika. Manja amene anamugwira m'chiuno anamukanikiza zolimba njinga isananyamuke n'komwe. Apa m'pamene anazindikira kuti mchemwali wake naye ankaopa, ankangolimba mtima chifukwa cha iye.

Anayamba kuyenda, katatu pa sabata. Ankasiya mpata waukulu pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo, zala ziwiri zili pa buleki. Anzake akamupitirira ankamuseka kuti Kamphepo wasanduka ngolo. Zinkamuwawa, tisanamizane, koma sanawonjezere moto.

Sabata yachinayi, akudutsa lole imene inaima m'mbali mwa msewu, bambo wina anatulukira kutsogolo kwake akukankha wilibala yodzaza njerwa. Kumanja kunkabwera galimoto, kozembera kunalibe. Kamphepo sanaganize n'komwe. Dzanja linasiya moto, zala zinagwira n'kufinya, phazi linaponda. Njinga inaweramira kutsogolo, chisoti cha mchemwali wake chinagunda chake, ndipo anaima chilili, patatsala phazi limodzi kuti akhudze wilibala.

Anakhala pomwepo. Sanathe kutembenuka. Kenako anamva manja aja akumukumbatira mwamphamvu, mawu akuchokera m'chisoti.

"Waima bwino, mwana wa amayi. Pukuta m'maso, tiye tingachedwe."

Mafizo anali owawa. Masiku ena mayiyo ankatuluka akulira, akunena kuti basi zikhale choncho. Tsopano wolimbikitsa anali Kamphepo. Bondo linayamba kugonja pang'onopang'ono, ndipo m'mwezi wachisanu linapindika mokwanira kuti phazi likhale pa chopondera cha makina. Mchemwali wake anasoka mzere umodzi wokhotakhota pa kansalu kotsala, kenako awiriwo analira osachita manyazi.

Mpaka lero mayiyo amatsimphina kukazizira. Kamphepo zimenezo amaziona, ndipo zimamupweteka. Koma Loweruka lililonse amapita pabwalo lija ndi katoni ndi sipanala, ndipo anzake ena amene ankamuseka amabwera mmodzimmodzi, mwamanyazi, kudzamangitsa mawaya awo.

Inu okwera njinga, lero lomwe gwirani buleki yanu yakutsogolo muone ngati ikugwira, ndipo muiphunzire pamalo opanda anthu tsiku loipa lisanafike. Nanunso amene munapweteka munthu wokukondani, musabisale kuseri kwa manyazi pomwe iye akukudikirani. Vomerani, funsani odziwa, mukagwa dzukani mubwereze. Musataye mtima, alipo amene akufunabe kuti mumunyamule.