Chotupa cha Amayi Chinapita Osatsanzika

Amayi anga sadwaladwala, koma akadwala amafuna mudzi wonse udziwe. Chaka chimene chotupa chinamera pamfundo ya dzanja lawo lamanja, cholimba ngati nthudza yosapsa, palibe anapulumuka. Wodzagula mpunga, wodzapala moto, ngakhale ogulitsa matemba ochokera kudooko, aliyense ankauzidwa kuti achikhudze. Kupweteka sichinkapweteka kwenikweni, koma ankachisamala kuposa mmene anatisamalira ife ana awo.

Adokotala a pachipatala chathu chaching'ono anachidinadina n'kunena kuti amayi apite kuchipatala chachikulu ku Zomba akachione bwino. Ine ndinachita mantha. Eni ake matendawo anabwerako akuimba nyimbo ya kwaya njira yonse.

Chifukwa chake sindinachedwe kuchidziwa. Mng'ono wanga anali atalowana ndi mnyamata wina wogulitsa tomato ku Songani, popanda ukwati wa kutchalitchi. Tsiku limene anachoka, amayi analumbira pabwalo, amayi anzawo a mumpingo akumva, kuti phazi lawo silidzaponda pakhomo pakepo. Kenako tinamva kuti kwabadwa mwana. Tsono amayi anga ndi munthu woti akhoza kufa ndi ludzu ali m'bwato ngati ananena kale kuti samwa madzi. Koma wodwala wopita ku Zomba, dzuwa likamulowera, ayenera kugona penapake, ndipo m'bale wathu wa kufupi ndi kumeneko anali mmodzi yekhayo. Palibe akanawaseka kuti abweza mawu.

Anagwirizana ndi abambo kuti ulendo ukhale tikatha kukolola mpunga, ndipo wowaperekeza ndikhale ine.

Apa ndiye chotupa chija chinawachita chipongwe. Tsiku lina tikupeta mpunga pakhonde, ndinaona dzanja lili see, ngati sipanamerepo kanthu. Mankhwala sanamwe, kutemera sanatemere, ngakhale kupemphereredwa anali atakana. Chinangopita chokha.

"Amayi, chotupa chija chili kuti?" ndinafunsa.

Anayang'ana dzanjalo, n'kulitembenuza, kuti mwina chasamukira kuseri. Nkhope inagwa. Sindinaonepo munthu wokhumudwa ndi kuchira ngati amayi tsiku limenelo.

"Matenda opanda ulemu," anatero. "Miyezi yonseyi ndachisunga ine, osandidikirako pang'ono?"

Ndinaseka mpaka lichero linandipulumuka, koma mumtima ndinawamvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa za kamalaya ka khanda kamene ankasoka mobisa. Anandiloza ndi chala cha dzanja lochiralo.

"Iwe, ukangotsegula pakamwa, usadzabwerenso kuno kudzapempha mchere."

Mawa lake dzanja linali lomanga ndi kansalu, ndipo pansi pa kansaluko panali potukuka bwinobwino, kuposanso kale. Anali atatola kamwala kobulungira. Wina akafuna kukhudza, ankamuuza kuti adokotala analetsa. Kutchalitchi anawapempherera, iwo n'kuyankha ameni mokweza, ine nditabisa nkhope m'chitenje.

Abambo anga salankhula zambiri. M'mawa wa tsiku la ulendo, akabaza atafika kale, anagwira dzanja la amayi n'kudina pakansalu paja. Kamwala kanatsetsereka kulowera cha kuchigongono. Abambo anakakankha mosamala mpaka kanabwerera pamalo pake.

"Chakula ndithu," anatero. "Chayambanso kuyenda. Zoterezi amagoneka nazo anthu, ndiye musafulumire kubwerako."

Atatero anakatenga kathumba ka mpunga n'kumangirira panjinga, ati ka adokotala. Amayi sanawayang'ane kumaso.

Ku Zomba sitinafike n'komwe pageti pa chipatala. Amayi anati mzere watalika, ngakhale anali asanauone, ndipo tinakwera minibasi ya ku Songani.

Mng'ono wanga tinamupeza akuchapa matewera pakhomo. Anadzuka manja ali thovu lokhalokha, osadziwa kaya agwade kaya athawe.

"Sindinabwerere iwe," anatero amayi ali chiimire. "Ndikudwala. Ndikungofuna pogona."

"Pepani amayi, ndinamva za dzanjalo," anayankha motsitsa mawu.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mwana, kamtsikana konenepa masaya, kakuyamwa chibakera chake. Amayi anatambasula manja, kenako anaima. Mwala uja unali pomwe mutu wa mwana ukanatsamira. Anamasula kansalu ndi mano, kamwala kanagwa n'kugubuduka mpaka kukagunda beseni. Mng'ono wanga anayang'ana kamwalako, n'kuyang'ana dzanja losalala lija.

"Bweretsa kuno mwanayo," anatero amayi. "Ukudabwa chiyani? Sunaonepo munthu atachira?"