Chikhatho cha Mwana

Nthawi imene makamiyau, magalimoto akuluakulu onyamula malasha, anadzaza misewu ya mu Tete, ndinali namwino watsopano pa kachipatala kena ku Matema, wonyadira chovala changa choyera. Tsiku lina mayi wina wa ku Angónia, wogulitsa mandasi kwa oyendetsa makamiyauwo, anabwera akuthamanga ndi kamtsikana kake ka zaka ziwiri. Mafuta otentha anali atakakhuthukira pamsana.

Popsa timayeza ndi chikhatho: chikhatho chimodzi ndi gawo limodzi mwa magawo zana a khungu lonse. Ndinayendetsa dzanja langa pamwamba pa msanawo, n'kupeza zikhatho zinayi.

"Ndi pang'ono, mayi. Timupaka mankhwala, muzipita," ndinatero.

Namwino wamkulu, amene anali pomwepo, sanandikalipire. Anangotambasula kadzanja ka mwanayo n'kukagoneka m'dzanja langa. Kankalowamo katatu. Choyezera n'chikhatho cha wodwala, ndipo ndinkadziwa, pamayeso ndinakhoza. Zinali zikhatho khumi ndi ziwiri, mwana wofunika kugonekedwa m'chipatala n'kuikidwa msangamsanga botolo la soro, madzi olowetsa m'mitsempha.

Mwana atachira, mayi aja anabweretsa mandasi m'kabeseni. Anamudutsa namwino wamkulu n'kugwadira ine. Ndinalandira, ndi dzanja lomwe lija.