Sitima Imene a Langford Analonjeza

Ku Mnkhanya kunalibe nyumba yopanda chinthu chokhomedwa ndi a Langford Sakala, kaya ndi chidebe, koloboyi, kapena ketulo yomatidwa kunsi. Ankagwira ntchito pansi pa msikizi kuseri kwa nyumba yawo, ali ndi mbaula, nyundo, ndi chitsulo chowotcherera chomwe ankachisomeka m'makala. Chikapsa ankachilavulira pang'ono. Malovu akati tswee n'kuuma pomwepo, ndiye kuti chafika, mtovu uyenda bwino. Anaphunzira choncho kwa amalume awo, ndipo panalibe wowauza zina. Tisabise, anali munthu wamakani.

Paunyamata wawo anapitako ku Kabwe kukafuna ntchito. Ntchitoyo sanaipeze, koma anaona sitima, ndipo atabwerera kumudzi nkhani inali yomweyo m'mawa ndi madzulo, mpaka anzawo kumawathawa. Pofunsira mbeta anauza Tabeth, mtsikana wa kutsidya kwa Lupande amene anali asanatulukepo m'chigwa muno, kuti akawalola adzamukweza sitima, akhale cha pawindo, aone dziko likuthamangira kumbuyo. Anyamata amalonjeza zambiri, abale, koma mtsikanayu anazisunga mumtima. Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Anakwatirana, kunabadwa Edith, kunabadwanso ena awiri amene sanakule. Ulendo uja unkangosunthidwa. Chaka chino Lupande wasefukira n'kukokolola chimanga, chaka chamawa njovu zatuluka m'paki n'kudya chotsalacho, ndipo njovu ya boma suigenda ndi mwala. Kenako m'magolosale munadzaza zidebe zapulasitiki, ntchito ya a Langford n'kuyamba kufa iwo akuona. Edith anakwatiwa ku Chipata, pakhomo n'kutsala nkhalamba ziwiri. A Tabeth sankadandaula za sitima, koma akapsa mtima ankafunsa amuna awo mwaulemu wonse ngati matikiti aja afika. Funso limeneli linkawawa kuposa kutukwanidwa.

Ntchito yodalirika imene inawatsalira inali ya ku kampu ina ya alendo odzaona nyama, komwe ankakonza nyale ndi zidebe zosambira. Mzungu woyang'anira kampuyo, nthawi yake yobwerera kwawo itakwana, anawapatsa bokosi lomwe linakhala zaka zambiri pamwamba pa kabati. Anati analigula kuti azitayira nthawi m'dzinja kampu ikatsekedwa, koma manja ake sanali a ntchito zotere. Pachivundikiro panali chithunzi cha mutu wa sitima yoyendera magetsi, wobiriwira. M'kati munali timapepala tamkuwa tofunika kudula ndi kupinda, timawilo tonga mabatani a jekete, kamota kakang'ono, tinjanji, ndi tizidutswa tina ta chitsulo chotuwa, cholemera m'manja. A Langford anathokoza, anamanga bokosilo pakaliyala ya njinga, ndipo kunyumba analilonga pansi pa bedi.

Likanakhala komweko mpaka chiswe chitalipeza, koma maso a a Tabeth anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankaphonya ulusi pasingano, kenako anayamba kugunda mpando umene unali pamalo ake a masiku onse. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda a m'kati mwa diso, ndipo kuwala kotsalako kuzipita pang'onopang'ono osabwereranso. Pobwerera a Langford anapalasa njinga, mkazi wawo ali kumbuyo. Atafika, a Langford anatulutsa bokosi lija, n'kunena mumtima mwawo kuti sitima yeniyeni yawakanika, koma iyi yokha amake Edith aione ikuyenda maso asanatseke.

Ha, ntchito inalipo! Zala zozolowera malata a chidebe zinayamba kulimbana ndi tinthu toti ukayetsemula tauluka. Anasula kachitsulo kowotcherera kakang'ono kuchokera ku msomali wamkuwa, anasema timitengo togwirira, ndipo kachidutswa kakagwa pansi ankagwada n'kumasefa dothi ndi sefa ya ufa, a Tabeth akukalipa kuti sefa yawo itha. Oyenda pamsewu ankapatuka kudzati mwaswera bwanji, koma kwenikweni ankadzaona mkulu wa imvi akusewera ndi kidole. Ena ankati ukalamba wawalowa m'mutu. Iwo ankangotsokomola, chifuwa chawo chakale cha utsi wa makala ndi asidi, n'kupitiriza.

Mkuwawo unawamvera. Makoma anaima, denga linakhala, timawindo tinatseguka mofanana ndi pachithunzi. Madzulo aliwonse ankapereka chimene apanga m'manja mwa mkazi wawo, ndipo a Tabeth ankachibweretsa pafupi ndi diso lamanzere, lomwe linali likuonako, n'kuchitembenuzira kudzuwa. Tsiku lina anafunsa kuti iwo adzakhala pawindo liti. A Langford anawalozera lakutsogolo, pafupi ndi woyendetsa, ndipo anaseka onse awiri.

Koma diso lija silinkadikira mmisiri. Mwezi wa Okutobala utafika, kutentha kwa m'chigwa kuli pachimake, a Tabeth anapempha kuti awonjezere nyale masana dzuwa likuswa mtengo. Apa a Langford mantha anawagwira, ndipo anayamba kufulumira. Chotsala chinali chimango chapansi, chogwira mawilo ndi kamota, ndipo chimenechi ndicho chinali cha chitsulo chotuwa chija. Anakoleza mbaula, anapemerera, anasomeka chitsulo chawo. Atachilavulira chinati tswee, monga mwa masiku onse. Kwa iwo chitsulo chinali chitsulo basi, ndipo moto umene mkuwa unaulandira ankati chotuwachi chiulandiranso.

Atangochikhudza, chimangocho chinalefuka, chinanyezimira, n'kuyenderera pathabwa ngati phula la njuchi. Mawilo anagwera uku ndi uku. Kusungunuka kwake kunali kofulumira kuposa kwa mtovu umene amati amatire. Anakhala chogwira chitsulo m'manja mpaka chinazizira. Munthu amene anawotcherera moyo wake wonse osaboola ngakhale ketulo ya mwini, lero waononga chinthu chimodzi chokha chimene ankachifuna ndi mtima wonse. Zinawawa, ndipo analira, koma mosatulutsa mawu, chifukwa mkazi wawo anali pakhonde pomwepo.

Madzi akatayika saoleka, koma a Langford anayesa kuwaola. Anaumba chikombole cha dongo la pachulu, monga amachitira asodzi popanga mtovu wa maukonde, anasungunula chotsalacho n'kuthiramo. Chinatuluka chokhota. Anapala, anaumbanso china, chinatulukanso chokhota, ndipo ulendo uliwonse chitsulocho chinkachepa. Pomaliza mawilo anakhalapo ndithu, ndipo ukakankha ankagudubuzika, koma mano a kamota sankalumana nawo bwino. Jairos, dalaivala wa galimoto yoonetsa alendo nyama, anawabwereka batire tsiku limene anali pa ofu. Atalumikiza mawaya kunjanji, kamotako kanalira ngati udzudzu, kanatulutsa kautsi konunkha, n'kukhala chete. Jairos anakanda mutu, anapepesa, anasenza batire lake n'kumapita.

A Langford sanauze mkazi wawo. Akafunsidwa ankati kwatsala pang'ono, kwatsala penti, penti sanaume. Anaipakadi penti wobiriwira wotsala pa njinga, ndipo kunena zoona inakongola. Koma pamene pentiyo ankauma n'kuti a Tabeth akusiyanitsa usana ndi usiku pomva kutentha kokha. Mvula yoyamba itagwa, iwo eni ananena kuti atopa kudikira, sitima ibwere mmene iliri.

M'mawa mwake a Langford anazula chitseko chakale cha khitchini, anachigoneka pamipando iwiri pakhonde, n'kukhomerapo tinjanji tija. Anakhazika mkazi wawo pafupi, atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, chifukwa anati munthu sakwera sitima ndi zovala zakumunda. A Langford anagundanitsa zitini pansi ngati akulumikiza batire, anauza a Tabeth kuti asaike dzanja panjanji kuopa magetsi, kenako anaika chala padenga la sitima n'kuyamba kukankha. Timawilo tinalira pa tinjanji, teketeke, teketeke, kupita kumapeto kwa chitseko ndi kubwerera. A Tabeth anapendeketsa mutu, maso ali kwina, akutsatira ndi khutu. Anafunsa ngati ndi yobiriwira, anayankhidwa kuti inde. Anafunsa ngati ikuthamanga kwambiri, anayankhidwa kuti ikuthamanga zedi.

Kenako chifuwa chija chinawagwira a Langford. Anawerama, anatsokomola nthawi yaitali, ndipo atapeza mpweya anabwezera chala padenga n'kuyambanso kukankha. Posakhalitsa chinawagwiranso.

"Atate ake Edith," anatero a Tabeth, "sitima yanuyi imaima inu mukamatsokomola."

A Langford anasiya kukankha. Anayang'ana chala chawo chili padenga lobiriwira, anayang'ananso nkhope ya mkazi wawo. Anati ayambe kufotokoza za mbaula, za chitsulo chotuwa, za ku Kabwe, koma a Tabeth anapapasa m'mphepete mwa chitseko mpaka anapeza dzanja lawo, n'kulibwezera pasitima.

"Ndinamva fungo lake tsiku lomwe inapsa. Musavutike. Kankhani, sitinafike."

Ndipo anakankha. Dzuwa linakwera, nkhuku zinalowa pansi pa nkhokwe, anthu opita kudimba anadutsa osapatuka. A Tabeth anakhala chowongoka, manja ali pamiyendo, nkhope ataitembenuzira kumene kunkachokera mphepo, pamene amuna awo ankayendetsa sitima kupita kumapeto kwa chitseko ndi kubwerera, n'kumaima akatsokomola.