Mwala m'beseni la mwana

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno bambo a Tamanda amaswa mphanje ya chinangwa kumtsinje kuja, ndiye apeza miyala itayalidwa mozungulira. Basi khasu ataya. Akuti anaonapo zotere pafoni, ndi za anthu akalekale, Aluya asanafike ku Nkhotakota kuno, ndipo azungu abwera kudzajambula. Munthu wolephera kupeza nsapato zake m'nyumba lero ndi pulofesa!

Anyamula mwala umodzi kubwera nawo kunyumba. Abale anga, autsuka m'beseni losambitsira mwana, ndi sopo wa mwana yemweyo, n'kuupukuta ndi thewera. Chibadwire Tamanda sanamusambitsepo ngakhale kamodzi, koma mwala.

Azakhali awo, Anaphiri, atamva komwe wachokera angokhala pansi manja kumutu. Akuti, "Iwe, pamenepo tinaikapo nthayo, mwana wobadwa wakufa, matipati atangoyamba kumene. Miyalayo tinayala ndife azimayi kuti agalu asafukule. Mwamuna sapondapo pamenepo!"

Iwo akuti, "Azakhali, inu sukulu simunapite, izi n'za sayansi."

Ine sayansi sindiidziwa, ndinalekezera sitandade 6, koma za kumanda sizilowa m'nyumba ya khanda. Ndathawira kwa aneba Tamanda ali kumsana, kanthawi kalikonse ndikumukhudza paliwombo.

Amalume, aimbireni bambo a Tamanda abweze mwalawo lero lomwe, inu amakumverani. Beseni lija ndilitaye, kapena pali mankhwala ake? Akakana, ine ndi mwana tikwera minibasi ya ku Dwangwa, kwa amayi. Ndikatero ndalakwa?