Diresi Yofiira, Chitseko Chobiriwira

M'mawa uliwonse abambo oyandikana nafe, ojambula zithunzi zakuda ndi zoyera, amaima pakhomo n'kutsinzina diso limodzi, kuona komwe kuwala kwagwera. Ine ndimangowasuzumira pawindo.

Lolemba ndinalimba mtima n'kuwaitana. Ndinkafuna chithunzi cha mwana wanga choti nditumizire bambo ake, omwe ali kutali ndipo sanamuonebe. Ndinamuveka diresi yofiira n'kumukhazika pachitseko chobiriwira.

Abambo ojambulawo anaseka. "Mayi a mwana, pachithunzi changa mitundu iwiriyi imangotuwa mofanana. Mukufuna bambo ake alandire chitseko?"

Anati ndimuveke zoyera, akhale pambali pa windo, kumbuyo kuli mdima. Chithunzi chitatuluka, abale inu! Timaso waliwali, timasaya tofutufutu! Ndinavina osadziwa.

"Tsopano inuyo, imani pomwepo," anatero ojambulawo atandilozetsa kamera. "Chotsani dzanja kumasoko, bambo a mwana akusowaninso."