Wopanda Jekete pa Ulendo wa ku Chipoka

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2. Fizi inasowa, ndipo onse amene ankandiuza kuti ndilimbe mtima anali anthu okhuta. Malume anandipatsa njinga yawo yamoto kuti ndiziyendetsa kabaza pa Golomoti, koma njinga yokha sikupatsa munthu malo pasiteji. Malowo anali a gulu la akabaza, ndipo wa m'gulu ankadziwika ndi jekete yonyezimira yokhala ndi nambala kumsana. Wopanda jekete ankaima patali, pansi pa mtengo wa nimu, kudikira makasitomala amene anzake awakana: oledzera ndi onyamula nkhumba. Ine ndinaima pansi pa mtengowo mpaka agalu a pamsika anayamba kundiyesa mnzawo.

M'nyengo ya mango gulu linakonza ulendo wokaona nyanja ku Chipoka. Atcheya athu, bambo wa mimba yaikulu ndi njinga yothamanga kuposa zonse, anatisonkhanitsa m'mawa tisananyamuke.

"Lero si tsiku la ntchito," anatero. "Tikuyenda ngati mabwana. Wonyamula kasitomala, ngakhale akhale apongozi ake, avula jekete." Kenaka anandiloza ndi kiyi. "Iwe wa Fomu 2, ukhala kumchira ndi pampu ndi masipanala. Ukafika kunyanja osalakwa, jekete yako ili m'chikwama changachi. Ukalakwa, ubwerera kwa mkazi wako nimu."

"Ndamva, atcheya."

"Wamva chiyani?"

"Ndamva kuti petulo akutha tili chiimire."

Anzanga anaseka. Atcheya anavala chisoti, n'kuliza hutala, ndipo tinalowa mumsewu.

Sindikonda kuyamikira zinthu, koma tsikulo linali labwino. Msewu umenewo ndinkauyenda tsiku ndi tsiku, maso ali pa maenje ndi pa mbuzi. Ulendo uno kumbuyo kwanga kunalibe munthu wondiuza kuti ndichepetse liwiro, ndiye ndinaona zinthu. Kumanzere mapiri a Dedza anali obiriwira m'munsi, otuwa pamwamba. Kumanja dziko linangoti see kulowera kunyanja, milambe itaimirira ngati azibambo okangana pamaliro. Ana anathamangira kumsewu kudzatiwerenga, akukuwa ngati kukudutsa ukwati. Pa mphambano ya ku Mua amayi ogulitsa mango anatiimbira m'manja, ndipo mnzathu wina anaimirira panjinga kuti awaonetse luso, chipewa n'kumuuluka. Ndinaima kumutolera, poti ntchito ya wakumchira ndi imeneyo. Pamene ndinkanyamukanso, mzere unali utatalikirana. Atcheya anali atasowa kalekale kutsogolo.

Wakabaza aliyense ali ndi matenda amodzi. Dzanja la munthu likakwera m'mphepete mwa msewu, phazi limaponda buleki mutu usanaganize. Sitichita kuphunzitsana. Njala ndiyo imaphunzitsa phazi.

Nditadutsa Mtakataka, mayi wina wa msinkhu wa mayi anga anaima pansi pa mlambe, beseni lopanda kanthu lili m'khwapa. Anzanga onse anawadutsa, mayiwo osakweza dzanja. Atandiona ine, anakweza. Ndinangozindikira njinga yaima, ndipo iwo akhala kale kumbuyo, akukonza chitenje.

"Amayi, tsikani. Lero sindikunyamula."

"Nanga waimiranji?"

"Phazi langa ndi lopusa."

"Wopanda jekete ndiwe, eti?"

"Mwaona nokha."

"Ndiye tiye ku Chipoka, mwanawe. Dzuwa likundiwotcha."

Ndinapsa mtima. Ngakhale amayi a m'mbali mwa msewu akudziwa kuti ndilibe jekete. Koma munthu wamkulu akakhala panjinga sungamukankhe, ndipo minibasi panalibe. Ndinaganiza zowatsitsa tisanafike kudoko, anzanga asanaone.

Njira yonse anali kuyankhula. Anati amalima mpunga ku Bwanje, ndipo akupita kukasinthanitsa ndi usipa kwa asodzi. Anandifunsa ngati ndinakwatira, ndinati ayi. Anandifunsa za sukulu, ndinati inandikana. Iwo anati nawonso inawakana, koma sanafe. Patsogolo pa Ngodzi nyanja inatulukira pakati pa mitengo, yowala ngati lata latsopano, moti ndinachepetsa liwiro mosafuna. Mphepo inasintha fungo. Mayi aja anandimenya paphewa ndi beseni.

"Sunaionepo nyanja? Yendetsa."

Titayandikira Chipoka ndinaima. "Amayi, tsikirani pano."

"Pano pali asodzi? Katundu wanga ali kudoko."

"Mukundiphera ntchito."

"Ntchito imene ulibe?"

Ndinalizanso njinga. Ndinatsika nawo mpaka kumchenga, mtima ukundiuza kuti nimu akundidikira.

Njinga zonse zinali pamzere pansi pa mtengo wa mkuyu, anzanga akuvula nsapato. Anatembenuka onse. Atcheya anali ataima pafupi ndi bwato lovundikiridwa, manja ali m'chiuno.

"Eya," anatero. "Fomu 2 walepheranso mayeso."

Mayi aja anatsika pang'onopang'ono, n'kukung'untha chitenje, n'kupita molunjika kwa atcheya.

"Bambo inu, mpunga wanga mwauika kuti?"

Atcheya anayang'ana kunyanja ngati aona ng'ona. Mnzathu wa chipewa uja anazungulira bwato, n'kukoka thumba la mpunga, lili ndi zingwe za labala za njinga ya atcheya.

"Thumba si kasitomala," anatero atcheya. "Lamulo linanena za munthu."

"Nanga amayiwa anawauza ndani kuti adikire wopanda jekete?" ndinafunsa.

"Kumeneko kunali kukuyesa."

"Kuyesa kwanji?" anatero mayi aja. "Inu munaima nokha ndisanamalize n'kukweza komwe dzanja. Munati mukadanditenga, koma thumba ndi mimba yanu zadzaza mpando. Munati kumbuyo kukubwera kamnyamata kolusa kopanda jekete, kameneko sikangakane."

Anthu anagwa pamchenga ndi phwete. Asodzi amene ankasoka ukonde anasiya ntchito kuti amve bwino. Mnzathu wina, misozi ili m'maso, anaulula kuti nayenso anafikitsa mphunzitsi wina pa Ngodzi. Wina anali ndi nthenga za nkhuku pampando, ndipo anati sakudziwa kumene zachokera.

Ine sindinaseke. Ndinatambasula dzanja.

"Atcheya, jekete. Apo ayi tivule tonse, muyambe ndinu. Pansi pa nimu malo alipo ambiri."

"Mwana iwe ulibe ulemu."

"Ulemu ndili nawo. Jekete ndiyo ndilibe."

Anatsegula chikwama akung'ung'udza, n'kundiponyera. Inali ya munthu wina amene anapita ku Joni, yaikulu moti inkandifika m'ntchafu, ndipo nambala inali itayamba kufufutika. Mayi aja anaigwira m'mphepete, n'kunena kuti telala wa pa Golomoti akhoza kuichepetsa. Kenaka analamula atcheya kuti awanyamulire thumba kwa asodzi, ndipo atcheya ananyamula.

Tinawotcha nsomba, tinadya mango mpaka m'zigongono munayenderera madzi. Anzanga anavula n'kuthamangira m'nyanja, akundiitana kuti ndisiye jekete panjinga, palibe angaibe. Anthu amenewo ndinkawadziwa bwino. Ndinalowa nayo m'madzi.